Bambo anga ankadandaula m'mimba pomwe vuto linali mtima

Amene mukusamala munthu wodwala mtima pakhomo, makamaka uja adokotala anakuuzani kuti mtima wake wafooka sukupopa bwino magazi, chonde muziyang'aniranso zam'mimba mwake. Ambirife timangoona ngati miyendo yatupa ndi mmene akupumira basi, koma kwa bambo anga chimene chinayamba kuvuta ndi mimba, ndipo panapita nthawi ndithu pakhomo pathu aliyense akukamba za maalsa pomwe umatha mphamvu ndi mtima.

Bambo ndi dalaivala wopuma, anayendetsa mathiraki zaka zambiri njira ya ku Beira ndi ya ku Dar es Salaam, nde chakudya cha pamsewu mukuchidziwa kale, kanyenya, tchipisi cha pachiwaya, mang'ina, mchere wina wothira pambali. BP anawapeza nayo kalekale koma mankhwala ankamwa pokhapokha mutu ukamawawa, mutu ukasiya nawonso asiya. Kenako anayamba kukhuta msanga. Munthu amene ankamaliza mitanda itatu yansima osacheuka, mtanda umodzi unayamba kuwakanika, angotema mbamu zingapo nkusamba m'manja ati m'mimba mwadzaza. Mpweya, nseru, kupweteka chakumanja pansi pa nthiti. Lamba anayamba kuwathina pomwe mikono ndi mapewa zikuonda, kolala ya shati nkumachita kulendewera m'khosi. Iwo eni anapita kugolosale kukagula Flagyl ndi makapisozi, azakhali nawo anabwera ndi botolo la zitsamba zoti zitsuke m'mimba, ndipo atamwa anatsegula m'mimba nkufooka kwambiri koma mimba sinaphwe olo pang'ono. Usiku anayamba kuwonjezera mapilo, mapeto ake ankagona chokhala pampando chifukwa akangogona chagada amabanika.

Kuchipatala adokotala sanachedwe. Anadina ndi chala chachikulu pa msongolo wa bambo, atachotsa chala panatsala kadzenje kamene sikanabwerere msanga. Anawakhazika motsamira nkundiitana kuti ndione mtsempha wa m'khosi mmene unafufumira, kenako anakanikiza pamimba chakumanja kuja, mtsempha uja nkukwera ndikuona ndi maso anga. Sikani ya mtima inangotsimikizira, ndipo mubuku lawo lakuchipatala analembamo CCF, kutanthauza mtima wofooka umene ukuchititsa madzi kudzaza m'thupi. Anawagoneka nkuyamba kuwabaya furosemide, amene ambiri timangoti Lasix, mankhwala okodzetsa aja. Ine ndinafunsa kuti bwanji osangowapatsa mapiritsi tikamwere kunyumba. Anandiyankha kuti, achemwali, mmene yatupira miyendoyi ndi mmene atupiranso matumbo mkatimu, piritsi likafika mmenemo silingalowe bwino m'magazi, tiyambe ndi jakisoni madziwa atsike kaye. Mawu amenewa ndi amene anandipangitsa kuti ndiyambe kufufuza, ndipo msuweni wanga amene ndi namwino anandithandiza kuwerenga zimene akatswiri apeza.

Nkhani yake ili chonchi. Mtima ukafooka magazi amene akubwerera kumtima amachita thithithi m'mitsempha, ngati ngalande yotsekeka nthawi ya dzinja, madzi amabwerera m'mbuyo nkusefukira paliponse pamene apeza mpata. Ku miyendo timawaona. Koma amadzazanso m'chiwindi, nchifukwa chake kumanja pansi pa nthiti kumapweteka, komanso m'khoma la matumbo. Pa nthawi yomweyo magazi abwino opita ku matumbo amachepa chifukwa thupi limayamba lasamala ubongo ndi mtima womwewo. Nde matumbo amakhala otupa komanso osowa mpweya wokwanira, chakudya sichigayika bwino, munthu amakhuta asanadye, michere yachakudya siilowa mokwanira, kuonda kuja nkumabwera.

Tsono m'matumbo mwathumu simuli chakudya chokha. Muli mabakiteriya ochuluka zedi, akatswiri amawerengera kuti munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi mathiliyoni 38 ndipo ambiri mwa iwo ali m'matumbo aakulu. Ambiri si adani, amatithandiza kugaya zimene ife patokha sitingagaye. Khoma la matumbo likakhala labwino limawasunga mkati momwemo. Koma likatupa limayamba kudontha, ndipo tizidutswa ta khungu la mabakiteriya ena, timene amatitcha endotoxin kapena LPS, timalowa m'magazi. Chitetezo cha m'thupi chikationa chimadzuka nkumalimbana ngati kwabwera matenda, ndipo kulimbana kosatha kumeneku kumafoola minofu, kuphatikizapo mnofu wa mtima umene uli kale wotopa. Mtima ukuvulaza matumbo, matumbo nawo akubwezera ku mtima, zikumangozungulira. Sizongoganizira ayi. Mu 1999 gulu la madokotala ku London linapeza kuti odwala mtima amene anatupa anali ndi endotoxin yambiri m'magazi kuposa amene sanatupe, ndipo atawapatsa mankhwala okodzetsa madzi nkutsika, endotoxin ija inatsikanso. Mu 2007 ena ku Berlin anayeza nkupeza kuti odwala amenewa khoma la matumbo awo ndi lokhuthala komanso limalowetsa zinthu mosavuta. Ku Italy mu 2016 anayeza chimbudzi cha odwala mtima nkupezamo tizilombo toipa tambiri monga Campylobacter, Shigella, Salmonella ndi Candida kuposa mwa anthu abwinobwino, ndipo amene matenda anakula kwambiri ndi amene anali nato tambiri.

Ine pamene panandikhudza kwambiri ndi pa 1999 paja, chifukwa ndi zimene ndinaona pa bedi la bambo. Palibe mankhwala a m'mimba amene anapatsidwa m'wodi muja. Anangokodza, kukodza kwenikweni, anamwino akuyeza mkodzo m'chigubu, ndipo madzi atatsika lamba anamasuka, nseru inatha, m'mawa wina anafunsa okha ngati kuli phala. Mankhwala a mtima ndi amene anachiza mimba.

Pali mbali ina imene imatchuka kwambiri pa intaneti, ya chinthu china chopezeka m'magazi chotchedwa TMAO. Dokotala wina dzina lake Stanley Hazen ndi anzake ku Cleveland Clinic ku America ndi amene anaitulukira poyera mu 2011. Mu nyama yofiira muli chinthu chotchedwa carnitine, mu yolk ya dzira ndi m'chiwindi muli choline. Tikadya, mabakiteriya ena a m'matumbo amadyako nkutulutsa TMA, imene imapita ku chiwindi chathu nkusandulika TMAO, kenako impso zimaichotsa kudzera mu mkodzo. Mu 2013 anachita kuonetsa kuti mabakiteriya ndi amene amayambitsa, anapatsa anthu mazira owiritsa awiri TMAO nkukwera, atawamwetsa ma antibiotic nkuwapatsanso mazira TMAO sinaoneke, atasiya mankhwalawo inabwereranso. Chaka chomwecho anapezanso kuti anthu amene akhala nthawi yaitali osadya nyama akapatsidwa carnitine amapanga TMAO yochepa kwambiri poyerekeza ndi odya nyama, kusonyeza kuti zimene umadya tsiku ndi tsiku ndi zimene zimasankha mtundu wa mabakiteriya amene ukuweta. Ndipo mu 2014 anatsatira odwala mtima wofooka 720 kwa zaka 5, amene anali ndi TMAO yambiri m'magazi chiopsezo chawo chomwalira chinali choposa katatu poyerekeza ndi amene inali yochepa.

Nditawerenga pamenepa ndinaganiza za kanyenya wa zaka zonse zija, sindinama. Koma msuweni wanga anandiuza kuti ndiwerenge mpaka kumapeto, ndipo nanenso ndikuuzani chimodzimodzi. Akatswiri akutsutsanabe ngati TMAO ndi imene imaononga mtima kapena imangokwera chifukwa impso za odwala mtima sizisefa bwino. Komanso nsomba za m'nyanja zikuluzikulu za madzi amchere zimakhala ndi TMAO yambiri kale m'thupi mwake, ukadya imakwera m'magazi kuposa ukadya nyama, chonsecho nsomba zimadziwika kuti ndi zabwino ku mtima. Choline nayo thupi limaifuna. Nde musamulande wodwala dzira, munthu amene akuonda kale akufunika chakudya chomanga thupi. Ndipo kunoko chimene chikufoola mitima kwambiri chikudziwika, ndi BP yosasamalidwa. Kafukufuku wa THESUS-HF amene anatuluka mu 2012, wotsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Mozambique, anaona odwala oposa 1000 m'mayiko 9 a mu Africa muno, pafupifupi theka la iwo gwero linali BP, ndipo zaka zawo pakatikati zinali 52 zokha, anthu oti akadali pantchito ndi ana kusukulu. Mabakiteriya ndi mbali imodzi ya nkhaniyi, koma bambo anga anawafikitsa pamenepa ndi mapiritsi a BP amene ankadumphitsa aja.

Chimene chikundipweteka nchakuti nkhani ya mabakiteriyayi anthu ena aisandutsa bizinesi. Bambo atangotuluka, mauthenga pa WhatsApp anayamba kubwera, wina akugulitsa maprobiotic, mankhwala okhala ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, a mtengo wa thumba la feteleza, wina tiyi wa detox, wina ati mtima umachira ukatsuka matumbo. Wodwala amene watopa ndi mapiritsi atsiku ndi tsiku akamva zimenezi amakopeka, bambo nawonso anayamba kufunsa. Koma zimenezi zinayesedwa kale. Madokotala a ku Oslo ku Norway anachita kafukufuku wotchedwa GutHeart amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anatenga odwala mtima wofooka, ena anawapatsa antibiotic yogwira m'matumbo yotchedwa rifaximin, ena probiotic yotchedwa Saccharomyces boulardii, ena anangopitiriza mankhwala awo anthawi zonse, kwa miyezi itatu. Atayeza mphamvu ya mtima sipanaoneke kusintha. Ngati mankhwala enieni oyesedwa bwino sanathandize, botolo lopanda dzina la pa WhatsApp lithandiza bwanji? Ndalama imeneyo bola ikhale ya thiransipoti yopitira ku kliniki ndi kugula mankhwala tsiku limene kuchipatala atha.

Kumwa ma antibiotic mwachisawawa nakonso nkoopsa kwa munthu wamtima. Amapha mabakiteriya abwino pamodzi ndi oipa, pena nkubweretsa kutsegula m'mimba. Ndipo pali china chimene magadiyani ambiri m'wodi muja sankachidziwa. Bambo anga sali pa mankhwala a mtima otchedwa digoxin koma odwala ena anali nayo, kapiritsi kakang'ono koma kamphamvu, mlingo wothandiza ndi mlingo wovulaza zimayandikana kwambiri. Mwa anthu ena, pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse, muli bakiteriya wotchedwa Eggerthella lenta amene amaphwanya digoxin ali m'matumbo momwemo asanalowe m'magazi. Munthu wotereyu akamwa antibiotic ngati erythromycin kapena clarithromycin digoxin amatha kukwera mwadzidzidzi m'magazi, munthu nkuyamba kusanza, kuona zinthu zachikasu, mtima kugunda mosokonekera. Nde kulikonse mwapita ndi wodwala wanu, olo ndi chifuwa chabe, onetsani buku ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa asanakulembereni china. Brufen, diclofenac ndi Indocid nazonso ayi, zimasunga madzi ndi mchere m'thupi, zimavulaza impso komanso zimakanda m'mimba. Bambo msana ukawavuta amamwa Panado basi monga anatiuzira adokotala.

Nanga chimene tinasintha nchiyani. Choyamba mchere, ndipo apa mpamene panali nkhondo. Bungwe la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kakang'ono ka tiyi kosadzaza bwino, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya. Mayi anachotsa kambale ka mchere patebulo, tinasiya timakyubu tokometsera ndiwo, soseji ndi poloni zinatuluka m'nyumba. Usipa wouma ndi matemba timayamba tanyika m'madzi ofunda nkutaya madziwo. Chimene sitinkachiganizira ndi soda wothira mu therere ndi m'masamba, ameneyu nayenso ndi sodium yemweyo amene ali mu mchere ndipo amasunga madzi chimodzimodzi. Masiku oyamba bambo ankakankha mbale ati ndiwo zosakoma ngati za m'chipatala. Mayi anayamba kuchulutsa tomato ndi anyezi, adyo, kufinyira ndimu pa nsomba, nsinjiro m'masamba, pang'ono ndi pang'ono lilime linazolowera, pano akadya kwa anthu amabwera akudandaula kuti mchere unachuluka. Mchere umakhudzanso mabakiteriya, mu 2017 akatswiri a ku Germany anapeza kuti mbewa zodyetsedwa mchere wambiri zimataya mabakiteriya abwino a mtundu wa Lactobacillus ndipo BP yake imakwera.

Chachiwiri tinabwerera ku mgaiwa. Mabakiteriya abwino chakudya chawo ndi fayiba, timaulusi ta m'zomera timene mimba yathu payokha singagaye, tili mu gaga wa chimanga, nyemba, nandolo, khobwe, masamba, mbatata ndi zipatso. Akadya amatulutsa timafuta tina, butyrate, acetate ndi propionate, ndipo butyrate ndi chakudya chenicheni cha khoma la matumbo aakulu, ndi imene imalithandiza kuti likhale lolimba lisamadonthe. Odwala mtima wofooka amapezeka kuti mabakiteriya opanga butyrate ndi ochepa. Ku Melbourne ku Australia mu 2017 anaona kuti mbewa za BP zikadyetsedwa fayiba wambiri BP imatsika ndipo mtima suonongeka msanga, ndi mbewa zimenezo osati anthu, koma njira yake ikumveka. Mwa anthu pali kafukufuku wa 2015 amene ine amandisangalatsa, anasinthanitsa chakudya pakati pa anthu akuda a ku America ndi anthu akumudzi ku South Africa kwa masabata awiri okha. A ku America atadya phala la chimanga, nyemba ndi masamba butyrate yawo inakwera kuposa kawiri, a kumudzi aja atadya zanyama ndi zamafuta yawo inatsika. Cholinga chawo chinali khansa ya m'matumbo koma phunziro la mabakiteriya ndi lomwelo, amasintha msanga malinga ndi mbale yako. Ndipo mu 2012 atayerekeza mabakiteriya a anthu akumudzi kuno ku Malawi, a ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America, anapeza kuti a ku America ndi amene anali ndi mitundu yochepa. Chakudya chimene timachinyoza kuti nchaumphawi chija, mgaiwa wa nkhwani wotendera, ndi chimene matumbo akufuna.

Koma musathamange nazo. Munthu amene mimba yake ndi yotupa mukamupatsa mbale yodzaza nyemba tsiku limodzi mpweya umuvuta, ndipo mimba ikafufuma imakankha m'mwamba kupuma nkumavutanso. Ife tinayamba ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, nsima tinkasakaniza ufa woyera ndi mgaiwa kenako nkumachepetsa woyerawo, nyemba zonyika usiku nkuphika mpaka zifewe, pang'ono pokha. Chakudya chochepa koma kangapo patsiku, osati chimbale chimodzi chachikulu usiku. Chambiko ndi thobwa amamwa ngati chakudya wamba, osati ngati mankhwala, ndipo timaziwerengera pa mlingo wa zakumwa umene adokotala anatipatsa, tiyi ndi phala lamadzimadzi chimodzimodzi. Nyama yofiira sitinaithetse, imabwera mwa apo ndi apo, yophika osati yootcha yothira mchere, masiku ambiri ndi nsomba, nkhuku, dzira kapena soya.

Pali chenjezo limodzi limene ndikufuna mulimvetse bwino chifukwa pamenepa chakudya chabwino chomwecho chikhoza kuvulaza. Bambo ali pa mankhwala a mtima otchedwa enalapril ndi spironolactone, ndipo mankhwala awiriwa amasunga m'thupi mchere wina wotchedwa potassium. Nthochi, mapeyala, mbatata, nyemba ndi masamba zili ndi potassium wambiri. Kwa munthu amene impso zake zili bwino palibe vuto kudya mwa mlingo, koma impso zikafooka potassium amakwera mwakachetechete mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima. Nchifukwa chake muzipempha kuti amuyeze magazi a impso ndi potassium, ndipo zotsatira zake ndi zimene zikuuzeni kuti zakudya zimenezi adye zochuluka bwanji. Mchere wa m'mashopu uja amalemba kuti low sodium musagule musanafunse, ambiri mwa iwo ndi potassium. Chidulo cha phulusa nachonso ndi potassium, nde musaganize kuti mwathawa soda mukathawira ku chidulo. Therere la bambo timangoliphika ndi madzi ndi tomato, limachedwerapo kupsa koma limapsa.

Kutsegula m'mimba kapena kusanza kwa munthu amene ali pa Lasix, enalapril ndi spironolactone si nkhani yodikira kuti tione mawa. Madzi akutuluka kumbuyo, mankhwala nawo akutulutsa ena, BP imagwa ndipo impso zikhoza kuima. Osamusiyitsa mankhwala panokha komanso osangopitiriza ngati palibe chachitika, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akakuuzeni oti aime kaye ndi oti apitirize. Kudzimbidwa nakonso muzikutchula, kudzikakamiza kuchimbudzi kumalemetsa mtima wofooka, ndipo mankhwala otsegula m'mimba ogula pamsika si yankho.

Tinagula sikelo ya pansi, ndipo ndinganene kuti pa zonse zimene tagula iyi ndi imene yatithandiza kwambiri. M'mawa uliwonse bambo akangochoka kokodza, asanadye kanthu, amakwerapo ndi zovala zopepuka mayi nkulemba mu kope. Anatiuza kuti akakwera makilo opitirira 2 m'masiku atatu amenewo ndi madzi osati kunenepa, tipite osadikira tsiku la kliniki. Ndipo chimene taona kwa bambo nchakuti mimba imayamba kulankhula miyendo isanatupe. Akangoyamba kusiya nsima m'mbale, kumasula lamba atakhala pansi, kapena kunena kuti chakudya chikuwanyansa, tikayang'ana mu kope timapeza manambala ayamba kukwera. Mayi anawonjezera mzere wina mu kopemo, amalemba ngati bambo amaliza chakudya kapena ayi ndiponso ngati apita kuchimbudzi.

Tsiku la kliniki kope limeneli timapita nalo limodzi ndi buku lakuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala. Pamzere anthu amakhala ambiri ndipo adokotala amakhala ndi mphindi zochepa, nthawi zambiri amafunsa za kupuma ndi miyendo, ndipo bambo monga akuluakulu ambiri amangoti ndili bwino adokotala. Nde ine kapena mayi timalowa nawo nkunena zam'mimbazo tokha, kuti sabata ino akhuta msanga, kumanja kukupweteka, Lasix akumwa koma mkodzo wachepa. Ulendo wina mawu omalizawa ndi amene anapangitsa kuti awasinthe mlingo wa mankhwala tsiku lomwelo, nkutiuza kuti tibwerenso sabata yotsatira adzayeze impso.